Hema wa Azakhali a Tashina

Azakhali anga a Tashina sadziwika kunja kwa mudzi wathu wa anthu a mtundu wa Alakota, koma ine ndikufuna anthu awadziwe. Asilikali apakavalo atatiukira m'nyengo ina yozizira, anatentha mahema athu onse a zikopa za njati n'kuwombera akavalo athu. Azakhali anatola matumba a ufa amene asilikaliwo anataya, nasoka hema wina ndi mitsempha ya gwape.

Chaka chotsatira mkulu wa asilikali anabwera ndi womasulira. Anauza amuna a azakhaliwo, a Hehaka, kuti agwetse hemayo, akalowe m'nyumba yamatabwa ya boma.

"Mwalakwitsa munthu, bwana," anatero a Hehaka akusuta kaliwo. "Kwathu kuno hema ndi wa mkazi. Ine ndimangogonamo, akakwiya amandiponyera nsapato panja."

Azakhali anatuluka, singano ya fupa ili m'manja, nayang'ana womasulirayo. "Umuuze kuti hema woyamba uja anautentha ine ndikuthawa ndi ana. Uyu atenthe ndili momwemo."

Analowa n'kukhala pansi. Mkuluyo anazungulira hemayo pakavalo wake, kenako anabwerera ku linga la asilikali. Mpaka lero azakhali amagona momwemo.