Nsatsi za m'Kachitini ka Polishi

Ndikukumbukira Chibanja isanadzaze nyumba ngati lero. Yathu inali ya zidina, yofolera udzu, ndipo kuseri kwake kunali thengo lotsetserekera kudambo. M'mawa nkhungu inkagona pansi mpaka dzuwa litakwera, moti munthu wopita kukatunga madzi unkayamba kumva kulira kwa ndowa yake usanamuone. Ife tinali obwera. Abambo anali mesenjala wa boma, anawasamutsa kuchokera ku Ntchisi, ndipo amayi sanazolowere kuzizira kwa Mzuzu ngakhale chilankhulo cha eni dera. Ankati munthu akakupatsa moni m'mawu amene sukumva, sungadziwe ngati wakudalitsa kapena wakutukwana.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi ndipo sindinali pasukulu. Abambo ankati ndidzayamba chaka chamawa, koma chaka chamawacho chinatenga zaka zinayi kuti chifike. Ntchito yanga inali kulera mlongo wanga Esinati, amene anali atayamba kukwawa ndipo anali ndi timano tinayi toyabwa. Chilichonse chimene dzanja lake lagwira chinkathera m'kamwa: makala, chingwe cha nsapato, tsiku lina mchira wa mphaka.

Moyandikana nafe munkakhala aNyaChirwa, mayi wamasiye wa ku Rumphi. Ana awo atatu onse anamwalira ali makanda, ndipo ankakhala okha. Manja awo sankadziwa kupuma. Matumba a ufa ankawachapa mpaka malemba afufutike, n'kusoka chopachika pakhoma chokhala ndi timatumba: ka matewera, ka sopo, ka mapini, ka chipeso. Majuzi akale ankawamasula ulusi n'kuluka timasokosi ndi tizipewa ta ana, singano zake masipoko a njinga. Zitini za mkaka ankazikuta ndi zigamba za zitenje kuti azimayi azisungiramo mabatani. Sankagulitsa. Akamva kuti kwinakwake kwabadwa mwana, ankadikira kuti atuluke m'chikuta, n'kupita ndi kanthu m'manja. Esinati anamupatsa chopachika pakhoma chija ndi chidole cha nsanza chimene chinkanunkhira bwino ukachifinya.

Amayi akapita kudambo, ine ndinkabereka mwana n'kukakhala pakhonde la aNyaChirwa. Ankanditchula kuti dada Filipo, ngati bambo wandevu, pamene kabudula wanga anali ndi mawindo awiri kumbuyo. Kumeneko n'kumene ndinaona m'mene ankapangira kachitini kogwedeza ana. Ankatsuka timiyala ta kumtsinje, kuika m'chitini, kukhoma chivundikiro ndi msomali kuzungulira mlomo wonse, kenako n'kusokera chitini chonsecho m'nsalu ziwiri. Ankabwereza kundiuza kuti kusokako ndiye ntchito yeniyeni, chifukwa mwana ali ndi mphamvu chomene, ndipo chimene wamkulu akuti chatsekeka, mwana amachitsegula.

Ndinafuna kupanga kanga, ka Esinati, kochokera m'manja mwanga. Ndinatenga kachitini ka polishi ka abambo osapempha, mukadali polishi pang'ono, n'kukakwecha ndi mchenga ndi phulusa. Ndinayesa miyala, koma inkalira mokalipa. Ndiye ndinakumbukira nsatsi zimene zinamera m'njira ya ku Mzilawaingwe, kumene tinkakatola nkhuni. Njere zake n'zosalala, zamawangamawanga, zonyezimira ngati nkhupakupa zokhuta. Sindinganame kuti sindinkadziwa. Kwathu ku Ntchisi amayi ankayenga mafuta a nsatsi, ndipo anatiuza kambirimbiri kuti njerezo munthu satafuna. Koma ndinati zikhala m'kati mwa chitini, zifika bwanji m'kamwa? ANyaChirwa anandipeza ndikuzisenda kuseri kwa nyumba ndipo anafunsa kuti n'zachiyani. Ndinati n'zosewerera nsolo.

Ndinaikamo zisanu ndi zitatu. Zinkalira mofatsa, ngati mvula yowaza padenga la udzu. Panatsala kusoka. Koma anyamata a m'dera lathu anali atayamba kale kunditchula kuti NyaFilipo, monga atchulira akazi kuno, chifukwa chobereka mwana kumbuyo, ndipo ndinaona kuti akandipeza ndi singano m'manja, dzinalo ndidzafa nalo. Ndinangomenya chivundikiro kawiri ndi mwala, basi.

Kwa masiku atatu ndinali munthu wamkulu. Esinati ankaseka mpaka dovu kuyenderera. Ndinkamupatsa amayi akachoka pokha, chifukwa abambo anali akufunafuna kachitini kawo ndipo ankaganizira makoswe.

Tsiku lachinayi m'mawa, amayi ali kochapa, ndinamukhazika pamphasa ndi kachitini kake n'kuthamangira kumsewu kukaona galimoto yamawaya imene mnyamata wina anapanga. Sindinakhalitse. Pobwerera, chimene chinandiopsa choyamba ndi bata. Kachitini sikankalira. Chivundikiro chinali chagada pamphasa, njere zili mbwee. Ndinaziwerenga katatu, ndipo katatu konse zinakwana zisanu ndi imodzi. Pamilomo ya Esinati panali phala loyera losakanikirana ndi timakoko tofiirira. Anandiyang'ana n'kuseka.

Ndinapisa chala m'kamwa mwake, anandiluma. Ndinamusambitsa kukamwa ndi madzi a mumtsuko, ndinasomeka kachitini m'udzu wa denga, kenako ndinakhala pansi n'kumamuyang'anitsitsa. Ndinapemphera pemphero lokhalo limene ndinkalidziwa, la pachakudya. Amayi atabwera anadabwa kundipeza ndili phee pakhomo, ndipo anati mwina ndayamba kukula.

Dzuwa litapendeka, Esinati anayamba kusanza. Kenako m'mimba munatseguka. Pofika m'mawa mwake matewera onse a m'chopachika chija anali atatha, maso ake analowa m'kati, liwombo linaphwa, ndipo kulira kwake kunali ngati kwa kamwana ka mphaka. Tinapita kuchipatala wapansi, mvula ikuwaza, amayi atabereka mwana, ine nditasenza dengu. Njira yonse ndinkayang'ana timapazi take tikulendewera m'mbali mwa amayi, kudikira kuti tigwedezeke.

Dokotala anali bambo wamtali wa magalasi. Anatsina khungu la pamimba pa mwana, ndipo khungulo linangoima osabwerera. Anafunsa kuti mwanayu wadya chiyani. Amayi anati phala ndi bere basi. Anafunsanso kuti amakhala ndi ndani masana, ndipo amayi analoza ine. Bambo uja anawerama mpaka nkhope yake inafika pafupi ndi yanga.

"Mnyamata, sunamuone akuika kanthu m'kamwa? Usaope, ndikungofuna kudziwa mankhwala omupatsa."

Mpaka lero fungo la chipinda chimenecho ndimalimva. Ndinatsala pang'ono kuulula. Koma abambo ankakonda kusimba za anthu opha anzawo amene ankawakweza lole kupita nawo kundende ya ku Zomba osabwerako, ndipo ine ndinadziona ndili m'lole imeneyo, maunyolo m'manja, amayi atatembenukira kumbali. Ndinapukusa mutu.

Esinati anamugoneka. Tsiku lachiwiri amayi anabwera kunyumba kudzatenga zovala, ndipo azimayi a kumpingo kwathu anabwera kudzawaona. Mmodzi mwa iwo, aNachisale, wa kwathu ku chigawo chapakati, anatola chidole cha nsanza chija pamphasa, anachinunkhiza, n'kupempha lumo. Atachitumbula, munagwa masamba ouma. Anali mpungabwi, umene aliyense amadziwa kuti umathamangitsa udzudzu, koma tsiku limenelo palibe amene anakumbukira zimenezo. ANachisale anafunsa chapansipansi kuti munthu woti anaika m'manda ana ake atatu, ana a eni amawalondolera chiyani. Azimayi anayang'anizana. Amayi anakanganula chopachika pakhoma chija mpaka dothi la khoma linagumuka, anaunjika zonse pabwalo n'kuyatsa moto.

ANyaChirwa anatuluka akupukuta manja pachitenje. Anaima patali pang'ono n'kumayang'ana ntchito yawo ikupsa.

"Anyina Filipo, ine ndinasoka ndi mtima umodzi," anatero.

Amayi, amene sindinawamvepo akukweza mawu kwa munthu wamkulu, anayankha kuti, "Mwana wangayo akafa, mudzamudye nokha."

Pamenepo aNyaChirwa sanayang'ane amayi. Anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga, ndipo utsi wa nsanza unandithandiza kubisa chifukwa chimene maso anga ankatulukira misozi.

M'mawa mwake ndinaona kamulu pakhomo pawo. Anthu a m'dera lonse anali atabweza mphatso: timasokosi, tizipewa, zitini zokutidwa ndi zitenje, zonse zitanyowa ndi nkhungu. Ana amene kale ankathamangira pakhonde lawo anayamba kulambalala. Kuchitsime azimayi ankadikira kuti iwo atunge achoke, kenako n'kutsuka chingwe.

Esinati anachira. Anabwera kunyumba patatha masiku asanu, wowonda ngati kambalame kosamera nthenga, koma wamoyo. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma anthu anati wachira chifukwa zinthu zija zinatenthedwa, ndipo kuchira kwakeko kunakhala umboni womaliza.

Patapita milungu iwiri ndinakumana ndi aNyaChirwa m'njira ya kuchitsime, atasenza mtolo pamutu, akupita kokakwera lole. Njira inali yopapatiza, kothawira kunalibe. Anaima, n'kunena motsitsa mawu.

"Dada Filipo, kachitini kaja mukakaponye m'chimbudzi. Denga limavunda, tsiku lina kadzagwa."

Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji. Anati anakamva kakulira ali pakhonde pawo, ndipo miyala silira choncho, komanso anandiona ndikukasomeka m'denga. Anati iwonso analakwa pochedwa kudzaona. Ndinafunsa chifukwa chimene sanandinenere tsiku la moto lija.

"Ine ndili ndi kwathu kopita. Imwe mukanapita kuti?" Anakonza nkhata pamutu. "Yewo, dada. Mumulere makora mwana, mumulere bwino."

Ndinawayang'ana mpaka nkhungu inawameza. Kachitini ndinakataya tsiku lomwelo. Koma zoona zake sindinauze munthu.

Sukulu ndinayamba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, wamtali kuposa onse m'kalasi, ana akundifunsa ngati ndabwera kudzaperekeza mwana wanga. Nditadziwa kulumikiza zilembo, kalata yoyamba imene ndinayesa kulemba inali yopita kwa aNyaChirwa, koma dzina la mudzi wawo sindinkalidziwa. Nditayamba ntchito ndinapita ku Rumphi kukafunsafunsa. Ndinapeza mdzukulu wa mchimwene wawo, amene anandiuza kuti anamwalira kalekale, m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi. Mbiri ija inakwera nawo lole yomweyo. Anati chifikireni sanawaonepo atagwira singano.

Amayi anamwalira akukhulupirira kuti anapulumutsa mwana wawo kwa mfiti. Ndinakhala pambali pawo masiku awo omaliza, ndipo ngakhale pamenepo ndinapukusa mutu m'kati mwanga monga ndinachitira pamaso pa dokotala. Esinati ali moyo, amakhala ku Katoto konkuno ku Mzuzu, ndi agogo a adzukulu asanu ndi mmodzi. Pa Khirisimasi iliyonse amasimbira adzukuluwo za mayi woipa amene anafuna kumupha ndi chidole, ndipo amandiloza kuti achimwenewa analipo, afunseni. Ine ndimadzuka kukaona nkhuku.

Mwezi watha mdzukulu wanga Tamanda anali pakhonde akupanga mphatso za mnzake amene akuyembekezera. Masiku ano amaonera pa foni: bokosi la nsapato alikuta ndi chitenje, timatumba topachika kuseri kwa chitseko, zinthu zomwezo zimene aNyaChirwa ankapanga opanda wowaonetsa. Kenako ndinamva kulira kuja, kofatsa ngati mvula yowaza. Anali ataika nyemba m'kabotolo ka pulasitiki. Sindikudziwa m'mene ndinafikira pamenepo ndi mawondo angawa. Ndinamulanda, ndinamukalipira mpaka mwanayo analira, osadziwa chimene walakwa. Mtima utatsika ndinapepesa, ndinamupempha singano ndi zigamba ziwiri, n'kukhala pansi kusokera kabotoloko m'nsalu. Ulusi anandilowetsera ndi iyeyo, chifukwa maso anga anatha. Anyamata anadutsa pamsewu n'kundiona, nkhalamba ya imvi ikusoka. Palibe amene anaseka. Chinthu chimene ndinachiopa ndili mwana chinali chaching'ono chomwecho.

Chibanja yasintha. Pamene panali dambo pali nyumba za malata, nkhungu simakhalitsanso, zidole zadzaza mumsika, ndipo mwana akatsegula m'mimba mayi aliyense amadziwa kusungunula thanzi. Koma ndimamvabe pa wailesi kuti kwinakwake mwana wadwala, ndipo anthu apita kukagogoda pakhomo pa mayi wokalamba wokhala yekha. Ndikamva zimenezo ndimadziwa kuti pagulu limenelo pali wina amene akuyang'ana zala za kumapazi kwake.

Loweruka likubwerali ndikwera kabaza kupita ku Katoto ndi mapepala awa. Esinati amawerenga bwino kuposa ine. Ndikakhala pamenepo mpaka amalize. Sindikudziwa ngati akadzamaliza adzanditchulabe kuti achimwene. Koma Khirisimasi ikubwerayi, adzukulu akadzafunsa za mayi wa chidole, ndikufuna adzamve dzina lawo. Anali aNyaChirwa, ndipo ankasoka ndi mtima umodzi.