Jekete ya pa Salaula

Chaka chimene ntchito inandithera ku kampani yonyamula katundu, ndinalowa m'gulu la anthu odzipereka kuthandiza apolisi. Kuno ku Kitwe amangotitchula kuti anebahudu. Malipiro panalibe. Anatipatsa kamalaya konyezimira kovala pamwamba, wezulo ndi ndodo yaifupi. Ntchito yathu inali kuleretsa ndewu ndi kukapereka wogwidwa kupolisi anthu asanamuphe. Koma chimene chinandikokera kwenikweni n'chakuti ndinkafuna kukhala ndi kopita m'mawa, ndiponso kuti anthu azindipatsa moni waulemu ngati kale.

Loweruka lina cha m'ma leveni ndinali pafupi ndi siteshoni ya maminibasi ku msika wa Chisokone. Ndinali ndi mnzanga wa m'gululo, bambo wamtali wa mawu aakulu, amene ankakonda kundiseka kuti manja anga ndi ogwira cholembera basi. Tinangomva, "Kabolala! Kabolala!" Ndiko kukuwa kwa kuno akagwira wakuba.

Tinathamangira ku mabenchi a salaula, kumene amagulitsa zovala zakale. Anthu anali atazungulira nkhalamba ina yovala jekete yabulawuni pamwamba pa juzi. Mayi mwini benchi anali atawagwira pakolala, akufotokoza kuti anayesa jeketeyo n'kuyamba kupita osanena kanthu.

Bambowo ndinawadziwa pomwepo. Anagwira ukalaliki ndi malemu bambo anga ku ofesi ya mgodi, onse awiri ochokera ku Malawi. Anali mkulu wa mpingo wathu, ndipo ndi amene analalikira pa maliro a bambo. Ndinali nditamvanso kuti mutu wayamba kuwasokonekera, kuti amatuluka kwa mwana wawo ku Nkana West n'kusochera.

Atandiona nkhope yawo inawala. "Mwanangu, wabwera! Auze anthuwa kuti jeketeyi ndi yanga. Ndikuchedwa ku ntchito."

Anthu atamva Chinyanja anayamba kung'ung'udza. Wina kumbuyo anakuwa m'Chibemba kuti ndi wachibale wanga ndipo ndiwathawitsa. Mnzanga uja anandiyang'ana akumwetulira.

"Ukuwadziwa?" anafunsa.

"Nshibeshibe," ndinayankha mokweza m'Chibemba kuti aliyense amve. Ndinanena kuti sindikuwadziwa.

Palibe anandikakamiza zimene ndinachita pambuyo pake. Ndinawagwira lamba kumbuyo, mmene timagwirira akuba, thalauza n'kukwera mpaka anayamba kuyendera zala. Tinadutsa nawo pakati pa atelala ndi ogulitsa tomato, gulu likutitsatira. Wina anawagwetsa chipewa, ine osatola. Iwo sanakane chilichonse. Ankangoti, "Pang'onopang'ono mwanangu, bondoli."

Pa kapolisi ka pamsikapo tinapeza sajeni, mayi wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. Asanadzutse n'komwe mutu ine ndinali nditalamula kale: "Vulani lamba ndi nsapato, mukhale pansi." Anavula mwaulemu, n'kuika nsapato zawo pambali moyandikana bwino, n'kukhala pasimenti.

Sajeni anawayang'ana kanthawi. Kenako anatuluka kuseri kwa kauntala n'kunjuta pafupi nawo.

"Tate, mumapita kuti?" anafunsa m'Chinyanja.

"Ku ofesi, mama. Bwana akudikira mafayilo a anthu a shifiti ya masana."

"Lero n'lachingati?"

Anaganiza, n'kuseka mwamanyazi. "Funsani mwanayu, ndi wanzeru ngati bambo ake." Ndipo ananditchula dzina langa la ubwana, limene ngakhale mkazi wanga salidziwa.

Sajeni anakoka mpando wake womwe n'kuwakhazika. Anawanyengerera kuti jeketeyo ikufunika kusita kaye, iwo n'kuivula okha. Mayi wa salaula anailandira atawerama, n'kutuluka osalembetsa mlandu. Sajeni anawaveka nsapato ndi manja ake, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mukuwadziwa bambowa?"

"Ee, bwana."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira ndili mwana."

"Ndiye munawavuliranji nsapato?"

Mnzanga uja anali atatulukira kale panja. Sajeni sanakweze mawu. Anangoti, "Aperekezeni kwawo, muwagwire dzanja."

Tinakwera takisi. M'njira anandiuza za bambo anga, mmene ankalembera bwino, ndipo za kumsika anali ataziiwala kale. Mwana wawo wamkazi tinamupeza pageti akulira, atawafunafuna kuyambira m'mawa. Anandigwadira pamsewu pomwepo. "Achimwene, Mulungu ndiye wakutumani." Ndinamuuza kuti ndinawapeza akuyendayenda kumsika. Anandipangira tiyi, ine n'kumwa.

Mawa lake kutchalitchi, nthawi ya zolengeza, mwana wawo uja anaimirira n'kundithokoza pamaso pa mpingo wonse. Amayi anaimba nthungululu. Abusa ananena kuti tikufunika amuna ambiri odzipereka ngati ine. Ine ndinangolandira ulemuwo ndili pabenchi.

Ndinapitiriza ntchito ya unebahudu, koma ndinapempha kuti andisinthire dera. Pamaso pa sajeni uja ndinkadutsa ndikuyang'ana pansi, ngakhale iye sanaitchulenso nkhaniyo.

Nkhalambayo inamwalira mvula itangoyamba. Ine ndinali mmodzi wa onyamula bokosi, chifukwa banja linandisankha. Patapita masabata awiri ndinalephera kupirira, ndinapita ku Nkana West. Mwana wawo uja ndinamupeza akupinda zovala za malemu pakhonde. Ndinafotokoza zonse, za lamba, za chipewa, za nsapato, osasiyako.

Anamvetsera osasiya kupinda.

"Ndinamva kale, achimwene," anatero. "Lolemba lotsatira Loweruka lija. Mayi wina wa kwaya yathu amagulitsa nsomba pamsika pomwe paja."

"Nanga bwanji munandisankha kunyamula bokosi?"

"Adadi ankakukondani. Iwo sanakumbukire chilichonse." Anaika shati pamulu n'kundiyang'ana koyamba. "Amene ndimakumbukira ndine. Mundipatse nthawi."

Ndinati zikomo, n'kutsanzika. Sanandiperekeze kugeti. Mpaka lero timapatsana moni kutchalitchi, iye amafunsa za ana anga, ine ndimafunsa za ake, ndipo pamenepo ndiye timalekezera.