A Silungwe Avinira Pazenera

A Harrison Silungwe anali telala pakhonde la sitolo ina pa Chitipa Boma, koma mukafunsa anthu a ku Lufita sakuuzani za makina awo. Akuuzani za miyendo yawo. Loweruka lililonse dzuwa likamalowa, ankavala jekete lawo lofiirira n'kulunjika kuholo ya dansi kuseri kwa msika, kumene kunkalira mbale za rumba zolowa mozemba kuchokera ku Tanzania.

Boma litaletsa mabuluku otambalala kumiyendo, anyamata anadandaula. A Silungwe anangotenga sizasi n'kuchepetsa lawo, basi gule n'kumapitirira. Imvi zitayamba, akulu a mpingo anawayendera, ndipo akazi awo, a Nakayange, analankhula mpaka malovu kuuma.

"Imvi zili kumutu," ankatero a Silungwe. "Kasi ine nikuvinira mutu?"

Ine ndinkawakonda bambo amenewa. Ambiri owanena anali ansanje chabe, anthu oti ngakhale kuwomba m'manja amaphonya.

Chimene chinawagwira mwendo ndi ukwati wa mwana wawo Enock, yemwe ndiye ankaliza mbalezo. Enock anakwatira Eluby wa ku Misuku, ndipo mwini holo anamulemba Eluby ntchito yogulitsa zakumwa mkatimo. Kwathu kuno mkazi sayang'anana ndi bambo a mwamuna wake, sakhala nawo m'chipinda chimodzi, ndipo akakumana panjira amapatukira kutchire.

Loweruka loyamba, a Silungwe atangoponda pakhomo, Eluby anasiya mabotolo, nafunda chitenje kumutu n'kuthawira kunja. Ogula anadikira mpaka kutopa. Mwini holo anakalipa kuti zikachitikanso, ntchito yatha. Apo n'kuti mtsikanayo ali woyembekezera.

Lolemba Enock anabwera pakhonde paja n'kunjuta pambali pa makina.

"Adada, Eluby wati asiya ntchito. Wati inu simungaleke dansi chifukwa cha iye."

"Yayi!" anatero a Silungwe, phazi lili pamakina. "Mwanayo akabadwa adzadya rumba? Umuuze agwire ntchito, ine m'holo sinilowamo. Kweni iwe, sipika ija uziika pazenera."

Mbiri inamveka paBoma ponse kuti nkhalamba yagonja. Yagonja kuti? Loweruka anafika ndi jekete lomwe lija, chitini cha madzi chili m'manja. Anawaza pansi pa zenera kuti fumbi ligone, nayamba kudula chiuno panja pomwepo. Anyamata anaseka mpaka misozi. Koma mwezi usanathe, madoda amene anasiya dansi kalekale poopa kuvina ndi ana awo anayamba kutulukira mmodzimmodzi, aliyense akuti akungodutsa.

Tsiku lina nyimbo itatha, pazenera panatuluka dzanja lokha, litagwira botolo la chakumwa. A Silungwe analandira ndi manja awiri, nkhope ataitembenuzira kumsika.

"Yewo, mama," anauza mphepo.

Anavinira pazenera pomwepo mpaka mawondo anawakana, ndipo m'holomo sanapondemonso.