Chala cha Bambo pa Tayala

Asmeret anatsitsimuka atagona m'mphepete mwa phompho, tsaya lili pamiyala, mitambo ikuyenda mwakachetechete kunsi kwake. Zidebe zake zopanda kanthu zinali kugubudukira kuchigwa, kulira kwake kukuchepa mpaka kunathera m'nkhungu. Njinga inali gada pambali pake, tayala lakutsogolo litang'ambika.

Inu amene mukuwerenga mtima uli wolema, mtsikana ameneyu ndimamudziwa, tinakulira mumsewu umodzi kuno ku Asmara, mzinda wa pamwamba pa mapiri m'dziko la Eritrea. Mayeso anamukana. Chaka chomwecho bambo ake, a Zerom, anamwalira n'kumusiyira mayi odwala miyendo ndi njinga yakuda. Mvula itayamba, iye anatola ntchito ya malemuwo: kutsika msewu wa ku Massawa m'mawa, kukapikula zipatso zaminga zotchedwa beles kwa anthu a m'mapiri, n'kukwera nazo kudzagulitsa m'tauni.

Tayala lakutsogololo analiika ndi bambo ake mlungu umene anayamba kudwala. Asmeret analumbira chamumtima kuti sadzalichotsa. Ankandiuza kuti akamatsetsereka m'nkhungu, tayalalo likuimba pamsewu, amamva ngati malemuwo akupalasa pambali pake, akupuma, malaya akuuluka.

Koma tayala silimva za maloto. Mano ake anatha, linasalala ngati dazi. M'mbali munachita ming'alu, ulusi n'kuyamba kusuzumira. Chubu chinali zigamba pamwamba pa zigamba. Pakatupa, iye ankangokulungapo mphira n'kumapita. Kuuma mutu kwakeko kunkandipsetsa mtima, komanso ndinkamumvera chisoni.

Anali ndi kamwambo kamene ankakadalira. Ali mwana ankaona bambo ake m'mawa uliwonse atagwada panjinga, akuyendetsa chala chachikulu kuzungulira tayala lonse, milomo ikugwedera. Kwathu munthu sadutsa tchalitchi osagwira chipata n'kupsompsona, ndiye mwanayo anangoti bambo akudalitsa njinga. Nayenso ankachita chimodzimodzi, atatsinzina, akupemphera.

Tsiku limene anagwalo anakankha njinga kukwera phiri lonse, akutsimphina, mpaka kwa a Okbay, mkulu wokonza njinga amene anali mnzawo wa malemu.

"Iwe mwana wa Zerom, tayala ili n'lako kapena walitola kudzala?" anafunsa mkuluyo.

"Ingolimatani, bambo. Musalichotse."

"Ndimate pati? Unaonapo munthu akusokerera chigamba pamphepo?"

"Analiika ndi ababa. Ndimalidalitsa tsiku lililonse ngati mmene ankachitira iwo."

"Ankalidalitsa? Zerom? Tandionetsa."

Asmeret anagwada, anatsinzina, nayendetsa chala patayala long'ambikalo. A Okbay anayamba kuseka, koma analeka msanga. Anakhala pansi pafupi naye.

"Mwana wanga, bambo ako sankapemphera. Milomo ija inkatukwana minga. Chala chija chinkafunsa: mano atsalako? Pali mng'alu? Patupa? Akangomva ulusi, ankabwera kuno tsiku lomwelo. Ife tinkamuseka kuti amataya matayala amoyo. Iye ankangoti, 'Inu sekani, ine kunyumba kuli ondidikira.'"

M'maso mwa Asmeret munabwera mayi ake ali pakampando pakhomo, khofi atakazinga kale, nkhope ili kumsewu. Anaona kuti m'mawa umenewo panatsala pang'ono kuti mayiwo adikire mpaka kalekale, popanda wowatungira madzi kapena wowadzutsa pamphasa. Analira kwambiri, ngati kuti maliro a bambo ake achitika kumene.

"Lichotseni," anatero.

Musaganize kuti zinayenda pomwepo. Zidebe zinali zitapita, bondo linatupa, ndipo nyengo ya beles siidikira munthu. Masiku otsalawo anawathera pakona ya msika, akusenda zipatso za eni ake, zala zodzaza timinga. Atapeza kandalama n'kuika tayala latsopano anayambiranso ndi chidebe chimodzi chobwereka. Zipatso zikatha ankanyamula masamba, masamba akasowa ankanyamula buledi. Madzulo ankadutsa kwa a Okbay kukaphunzira kumata chubu ndi kuwongola masipoko, mkuluyo akumunena kuti manja ake ndi a nkhuku.

Tayala lakale sanalitaye. A Okbay analicheka n'kupanga lamba womangira katundu, ndipo mpaka lero limatsika ndi kukwera naye phiri, koma lili kumbuyo, kumene silingamuphe.

A Okbay atakalamba anamusiyira malo awo okonzera njinga. Tsopano ndi Asmeret amene amaseka anyamata obwera ndi matayala a dazi, n'kuwagwira dzanja kuwaonetsa pamene ulusi watulukira. Nyengo ya beles ikafika amatsikabe yekha m'mitambo, akuti sangaleke. Asananyamuke amagwada, n'kuyendetsa chala kuzungulira tayala. Amapempherabe, koma maso ali otsegula. Akamabwera, mayi ake amamva belu ali patali n'kuika khofi pamoto.

Mnzanga, mwina nawenso ukukwera pa chinthu chimene chinatha kale, ndipo ukukana kuchichotsa chifukwa unachilandira kwa wokondedwa. Amene anakupatsa sanafune kuti chikagwe nawe kuphompho. Gwada, tsegula maso, yendetsa chala. Ngati ulusi waoneka, chotsa, uyambirenso ngakhale ndi chidebe chimodzi. Mtima usagwe pansi, pakuti kunyumba kuli okudikira.