Thanthwe la M'manda a Bambo

Ndinadzuka kusanache, amayi a mvano akuimbabe pabalaza pomwe panali bokosi la bambo anga. Mphepo ya Ogasiti ya kuno ku Gweru inkalowa mpaka m'mafupa. Panja amuna anali atazinga moto wa chitsa, ena akusinza m'majasi awo. Kuseri kwa nyumba azimayi anali atayamba kale kudula kabichi, madiramu a tiyi ali pamoto.

Bambo anagwira ntchito mumgodi wina kufupi ndi Kwekwe. Mgodiwo utatsekedwa, anatsegula shopu yowotcherera zitsulo kuno ku lokeshoni ya Mambo, yopanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Anali ndi antchito atatu: Mdala Banda, mnzawo wa kumgodi, ndi anyamata awiri, Tendai ndi Jonasi. Bambo atadwala, shopuyo inatsala m'manja mwanga, ndipo zinthu sizinkayenda. Magetsi ankathima tsiku lonse, makasitomala ankachepa. Anyamata awiriwo anasiya kulankhulana chifukwa cha geti imene mwini wake anaibweza kuti ndi yoperewera, aliyense akuloza mnzake chala. Jonasi anali atanena kale kuti mwezi ukatha apita ku Shurugwi kukakumba golide. Ine ndikalankhula ankangoti, "Chabwino, sisi," n'kupitiriza zawo.

Kutayera, amalume anaimba foni ali kumanda akale a komboni ya mgodi uja, komwe bambo anapempha kuti akagone pambali pa malemu amayi anga. Adzukulu anali atakumba kufika m'chiuno, n'kupeza thanthwe. Mapiki awiri anali atathyoka. Maganizo awo anali oti akumbe pena.

Ndinakana, ndipo ndinafuna kupita komweko, koma azakhali anandigwira chitenje.

"Mwana wamkazi sapita kumanda adzukulu asanamalize. Khala pansi ulire bambo ako."

Ndinaitanira antchito atatu aja kuseri kwa tenti. Sindinawalamule. Ndinafunsa monga ankafunsira bambo ntchito ikavuta.

"Mdala, thanthwe limeneli inuyo mungalitani?"

Mdala Banda anakankhira chipewa kumbuyo, maso akuwala. Anati thanthwe amaliboola mabowo mumzere, n'kukhomeramo zikhomo zachitsulo kufikira litang'aluka. Tendai anakumbukira zitsulo za masipuling'i a lole zimene zinali kuseri kwa shopu, nati angadulepo zikhomo. Tonse tinkadziwa kuti hamala yaikulu palibe wina angaizunguze m'dzenje koma Jonasi.

Ndinapereka makiyi a shopu ndi a galimoto kwa Mdala.

"Tengani jenereta ndi makina oboolera. Ine kumeneko sindikhalako. Chimene mukagwirizane atatunu, ndavomereza kale."

Anayang'anana, kenako anathamanga. Chidwalire bambo ndinali ndisanawaonepo akuthamanga.

Dzuwa litakwera, anthu anayamba kusefukira. Makombi, maminibasi a kuno, ochokera ku Kwekwe, lole ya ku Munyati, anthu a m'mafamu atanyamula nkhuni ndi nkhuku. Ena ankandigwira dzanja n'kunena "pepani," ena "nematambudziko" m'Chishona. Kunabwera agogo amene anagwira ntchito ndi bambo pansi pa nthaka, atavala zipewa zawo zamgodi zong'aluka, akuyenda mondondozana ngati akupita kukalowa shifiti. Makwaya awiri anayamba kulandizana nyimbo, msewu wonse n'kudzaza. Ndinkalira, koma mtima unkadumpha foni ikalira.

Tendai anaimba kamodzi kokha. Kumbuyo kwake kunkamveka jenereta ndi kugunda kwa chitsulo. Anati mbali imodzi yang'aluka, koma pakati pakukana. Kenako foni inaduka, osapezekanso.

Tinanyamuka osadziwa ngati manda atha. Galimoto ya maliro inaima pang'ono pachipata cha shopu, oyandikana nafe atavula zipewa, kenako tinalowa msewu wa ku Kwekwe. Mphepo inkaulutsa fumbi ndi udzu wouma. Abusa anandinong'oneza kuti tikapeza ntchito isanathe, adzaimbitsa nyimbo mpaka m'buku zithe.

Titakhotera kumsewu wafumbi wa ku komboni, ndinamva hamala tisanaone manda. Agogo a zipewa aja anatsika basi isanaimitsitse. Anazungulira dzenje n'kuyamba kuimba m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumgodi, akuponda pansi mogwirizana ndi hamala: "Shaya, madoda, shaya," kutanthauza kuti menyani, amuna inu, menyani. Ine ndinaima patali ndi azimayi anzanga, koma ndinkaona hamala ikutuluka m'dzenje ndi kubwereramo. Kenako kunamveka kulira kwina, kozama, ngati mtsuko waukulu wasweka. Adzukulu analumphiramo n'kuyamba kuponya miyala kunja.

Jonasi anali woyera ndi fumbi, m'manja muli magazi. Amene anamutulutsa m'dzenjemo anali Tendai, ndipo sanasiyane manja msanga. Woyamba kuimba nthungululu anali azakhali omwe aja.

Bambo anagona pambali pa amayi dzuwa likupendeka. Titakwirira, atatuwo anayala zidutswa za thanthwe lija pamwamba pa mtumbira, Mdala akuloza poika chilichonse.

Madzulo nyumba inakhala zii. Tenti anali ataiphwasula, phulusa likuzizira pabwalo. Ndili m'khitchini ndinamva atatuwo pakhonde akukambirana za geti yoperewera ija. Jonasi ankati Lolemba akayesanso mpanda wa kasitomala ndi tepi, Tendai amugwirire mbali inayo. Ndinawathirira tiyi, koma pomwe ndinkatuluka onse anali atagona chokhala, nsapato zili kuphazi, manja a Jonasi atakulungidwa nsanza.

Ndinafuna kuwadzutsa kuti akapeze kombi kusanade kwambiri. Azakhali anatuluka ndi mabulangete a bambo.

"Asiye," anatero, akuwafunditsa mmodzimmodzi. "Awa ndi ana a m'nyumba muno."