Guluu pa Chala, Chibwibwi pa Lilime

Inu amene mumati mwayi unadutsa pakhomo panu muli kubafa, takhalani pansi kaye. Ndikuuzeni za munthu wina wokonza mipando ya sofa, amene anthu ankamutchula kuti Mamamawa.

Dzinali silinali la makolo ayi. Munthuyu anali wachibwibwi chenicheni, chija chotseketsa maso ndi kupondetsa phazi pansi. Kasitomala akafunsa kuti mpando utha liti, iye ankati, "Ma-ma-mawa." Basi, dzina linamata pomwepo.

Tsiku loipitsitsa linali pamene mayi wina anabwera kudzatenga mipando yake. Mipando inali itatha, ili kuseri, yokongola zedi. Mayiyo anangofunsa kuti, "Zatheka?" Mamamawa anatsegula pakamwa, mawu n'kukakamira. Anayesa, thukuta kamukamu, koma osatuluka kanthu.

"Ndadziwa, mwagulitsa nsalu yanga! Wakuba sayang'ana munthu kumaso!" anakuwa mayiyo, msewu wonse ukumva.

Shopuyo inali ya amalume ake, amene anamulera makolo atamwalira. Mayiyo atapita ndi mipando yake, osapepesa n'komwe, amalume anakhala pabenchi n'kupumira m'mwamba.

"Mphwanga, maso angawa atha. Chaka chino chikamatha ndikupuma. Manja uli nawo, palibe angakane. Koma shopu imafuna pakamwa. Ukapanda kutha kulankhula ndi makasitomala, kiyi ndipatsa mkamwini."

Mkamwiniyo, mwamuna wa mwana wawo, anali wa pakamwa pa shuga, woti akhoza kukugulitsa nsapato zako zomwe uli chivalire. Koma nyundo sankadziwa kuti amagwira kuti. Ndipo sankabisa: akangolandira kiyi, makina osokera agulitsa, muno mulowe firiji ya mowa.

Mamamawa analowa kuseri, anakhala pamulu wa masiponji, n'kulira ngati mwana. Inde, analira. Kuyambira ali wamng'ono sankadziwa malo ena koma shopu imeneyi.

Mlongo wake, namwino wa pachipatala, atamva nkhaniyi sanataye nthawi ndi mapepeso. Anabwera atavala yunifolomu, n'kumuponyera foni m'manja.

"Achimwene, ine ndagula ina. Iyi tengani. Lilime likakana, chala chilipo."

Foniyo sinali ija ya mabwana, ya makamera ambirimbiri kumsana ngati maso a kangaude. Komanso sinali kaja ka mabatani. Inali ya pakatikati, yosadzitama, yosachititsa manyazi ukaitulutsa pagulu. Batire linkafika madzulo ngati sunaizunze ndi mavidiyo.

Mwezi woyamba inangomupusitsa. Ajambule mpando wofiirira m'shopu, pachithunzi ukutuluka wa mtundu wa matope. Ndiye anatulukira kuti kamera yake imakonda dzuwa. Kuyambira pamenepo mpando uliwonse ukatha ankaukokera panja, pakhonde, n'kugwada pansi kuti aujambule bwino.

"Mphwanga wapenga," amalume ankauza ometa tsitsi a khomo loyandikana. "Mipando ayamba kuiotcha dzuwa."

Koma zithunzizo zinayenda. Mpando wong'ambika, masipuling'i ali pamtunda, kenako womwewo utavala nsalu yatsopano. Anthu anayamba kutumizirana, n'kumalemba kufunsa. Pa kulemba, Mamamawa analibe chibwibwi. Ankayankha mwaulemu, nthabwala zili pomwepo, mwakuti ena ankafika pashopu kufunsa kuti, "Bambo oseketsa aja ali kuti?"

Vuto n'lakuti makasitomala ambiri kulemba kumawatopetsa. Amangodina n'kulankhula, ndipo amafuna nawenso uwayankhe ndi mawu. Apa mpamene anapeza chinsinsi chimene chinamusangalatsa kuposa kamera. Ukamajambula mawu umadina ndi chala osachotsa. Zikayenda bwino, umachotsa chala, uthenga wapita. Zikavuta, umakokera chala kumanzere, uthenga wafufutika. Palibe wamva, palibe waseka.

Ha! Munthu uja anapeza mnzake woleza mtima. Nthawi yopuma masana ankalowa kuseri, kujambula, kufufuta, kujambulanso, mpaka chiganizo chituluke chosalala. Makasitomala ankamva mawu odekha a munthu wosathamanga, osadziwa kuti kuseriko kwachitika nkhondo.

Miyezi inapita, ndipo foni inayamba kufanana ndi mwini wake. Anaisokera kachikwama ndi chikopa chotsala pa mpando. Fumbi la siponji linkatseka potchajira, iye n'kumatokosa ndi singano yosokera. Tsiku lina inagwera pa bokosi la misomali, galasi n'kuchita mng'alu pakona. Inkatentha ikagwira ntchito kwambiri, ndipo kawirikawiri inkadandaula kuti malo atha. Koma m'mawa uliwonse inkadzuka, osanyanyala.

Ntchito inachuluka ndithu, koma amalume sanasunthe.

"Zonsezi ndaziona. Koma ukulankhula ndi galasi, osati ndi anthu. Foni ikaitana umaiyang'ana ngati njoka."

Ankanena zoona. Munthu akaimba, Mamamawa ankaisiya ilire mpaka itope, kenako n'kulemba kuti, "Pepani, ndinali pamakina."

Chaka chili pafupi kutha, panabwera uthenga wa mayi wina, mwini nyumba yogona alendo. Mipando yonse ya m'chipinda cholandirira alendo inkafuna nsalu yatsopano. Ntchito yaikulu chotero shopu imeneyi inali isanaionepo. Mayiwo anati awafotokozere ndi mawu mmene angaigwirire.

M'mawa umenewo Mamamawa anali akumata masiponji, zala zili guluu yekhayekha. Chifukwa cha chimwemwe sanasambe. Anangopukutira pa ovolosi, n'kuthamangira kuseri.

Anadina. "Mwadzuka bwanji ma-ma-ma..." Anafufuta. Anadinanso. Lilime linakakamira pa "nsalu." Anafufuta. Mantha a ntchito yaikulu analimanga lilime kuposa kale. Atatopa, chala chili chidinire, anayamba kulikalipira.

"Iwe li-li-lilime iwe! Ndakulakwira chiyani? Chakudya u-u-umalawa woyamba ndiwe, tiyi woyamba ndiwe, koma ntchito u-u-ukukana! Lero sutuluka muno mpaka u-unene bwino. Tiyambirenso. Mwa-mwadzuka bwanji mayi. Ayi, sizinakome. Bwereza!"

Anakokera chala kumanzere kuti afufute. Koma guluu anali ataumira pachala ngati chikhungwa, ndipo galasi silinamve kukokako. Atachotsa chala, foni inangoti tswii. Uthenga wapita.

Mayo ine! Anayesa kuubweza, chala cha guluu chikungotsetsereka. Pamene ankayesa ndi chala chaching'ono n'kuti timizere tiwiri ta pa uthengawo titasanduka tabuluu. Mayi aja anali atamva zonse.

Anatuluka kuseri. Amalume anali pabenchi, mkamwini ali chiimire pakhomo, akuyeza ndi maso pamene firiji yake idzakhale. Mamamawa asanafotokoze, foni inayamba kuitana.

"Alamu, bweretsani ndikuyankhireni," anatero mkamwini akumwetulira. "Zolankhula tisiyireni ife."

Amalume anangomuyang'ana mphwawo.

Foni inkalirabe m'manja mwa Mamamawa. Anaganiza kuti chobisa chatha kale, mayiwo amva chibwibwi chonse, nanga akuopanso chiyani? Anadina ndi chala chaching'ono, n'kuika pakhutu.

"Ha-ha-halo."

Kumbali inayo kunamveka kuseka, koma osati kuseka kuja anakuzolowera. Kunali kuseka kwa munthu amene wasangalala.

"Bambo, lilime lija lamvera tsopano? Mwandiseketsa mpaka antchito anga athamangira kudzaona. Ndiuzeni za mipando."

"Pe-pe-pepani mayi, ine ndi-ndi..."

"Musathamange. Mayunitsi ndi anga."

Ndipo mayiwo anadikira. Sanamumalizire mawu, sanatsokomole. Mamamawa anafotokoza za siponji yolimba yoyenera mipando yokhalapo anthu ambiri, za nsalu yosagwira litsiro, za kutenga mipando pang'onopang'ono kuti alendo asasowe pokhala. Anakakamira, anaponda pansi, anatseka maso, koma anafika kumapeto.

"Ntchito ndi yanu," anatero mayiwo. "Munthu wobwereza moni mpaka akome sangandisokere mpando mwa bola zatha."

Mamamawa atatsitsa foni, mkamwini anakanda m'mutu, n'kunena kuti ali ndi kena kake kofunika m'tauni. Amalume anaimirira pang'onopang'ono, anapisa m'thumba, n'kutulutsa kiyi wa pachingwe chakuda ndi mafuta a makina.

"Sindinkafuna kuti usiye chibwibwi, mphwanga. Ndinkafuna usiye kuthawa. Gwira."

Kiyiyo anamata pachala cha guluu, osafuna kuchoka, ndipo onse awiri anaseka mpaka misozi.

Lero shopu ija ikadalipo, makina akulira. Chibwibwi sichinathe, ndisakunamizeni. Foni ikaitana amayankha yekha, ndipo wofuna mpando wabwino amadikira mpaka chiganizo chithe.

Ndiye inu, chimene mumabisa kuseri n'chiyani? Miyezi yonse ija munthuyu ankafufuta mawu ake, koma uthenga umene unamupatsa shopu ndi uja anachita nawo manyazi. Yesererani kuseri, inde, bwerezani mpaka mutope. Koma tsiku likafika, foni ya moyo wanu ikaitana, musapatse mlamu kuti akuyankhireni. Ngakhale mawu akunjenjemera, yankhani nokha. Musagwe mphwayi!