Mabatire Oyanika Padzuwa

Inu amene mwakhala manja ali m'khosi, mukuti zanu zinatha kalekale, tamvani za Cacilda wa ku Milange. Sindikulonjeza kuti museka.

Mu 1986, nkhondo italowa m'tauni ya Milange, Cacilda anali atangofika kuchokera ku Quelimane komwe anamaliza sekondale. Anathawa ndi amayi ake, mai Domingas, atagwirana manja. Pamtsinje wa Muloza mfuti zinalira chapafupi, anthu anapanikizana, dzanja lija linapulumuka. Atawolokera ku Malawi anacheuka, amayi ake osawaona.

Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye mumsasa wa othawa nkhondo anali yekhayekha. Ankayenda chisakasa ndi chisakasa kufunsa. Ena ankati anawaona akubwerera cha ku Mongue, kwawo kobadwira. Ena ankangoyang'ana pansi. Mtsikana anaonda mpaka kutsala mafupa, ndipo Chipwitikizi chosalala chimene anaphunzira kusukulu sichinam'thandize kanthu.

Pamsasapo panali a Venâncio, amene kale ankakonza njinga pamsika wa Milange. Anzawo pothawa ananyamula mapoto ndi mabulangete, iwo ananyamula wayilesi. Mabatire ake anali otheratu, choncho m'mawa uliwonse ankawayanika padenga ngati makaka kuti dzuwa liwapatseko kamphamvu. Wayilesiyo ankaitsegula nthawi ya mauthenga a m'Chinyanja basi, anthu n'kuunjikana kuti amve amene wamwalira ndi amene akufunidwa.

Patapita chaka, wansembe wa pamsasapo, Padre Henrique, anamuitana Cacilda. Mpingo unali utam'pezera bolsa, ndalama zolipirira sukulu, yokaphunzira utolankhani kunja, ndipo malo analipo awiri. Yoyamba inali yunivesite ya ku Portugal, yotchuka, yophunzitsa m'chinenero chimene ankachidziwa, koma zaka zisanu osabwerako, ndipo omaliza kumeneko ankalemba m'manyuzipepala akuluakulu. Yachiwiri inali ya ku Zambia, yophunzitsa m'Chingerezi chimene iye ankangodziwa moni wokha. Koma kumeneko ophunzira ankayeserera ntchito pa wayilesi ina ya Chinyanja yomveka mpaka kumalire kuno.

Msasa wonse unam'sankhira Portugal. Ngakhale a Venâncio.

"Usapuse, mwanawe," anatero akupukuta mabatire awo. "Papsa tonola. Amayi ako akanakhala moyo bwenzi tamva. Pita kwa azungu ukadye bwino."

Ali chilankhulire, mauthenga anatha, pa wayilesi panayamba nkhani za m'chizungu. A Venâncio anaitseka nthawi yomweyo.

"Bwanji mwatseka, malume?"

"Ndithere mapilya anga, mabatire ovutawa, pa zinthu zomwe sindikuzimva?"

Mawu amenewa anam'tsegula maso Cacilda. Amayi ake sankadziwa kuwerenga. Akadzalemba ngakhale nkhani chikwi ku Portugal, palibe imodzi yomwe ikanafika m'khutu mwawo. Ngati anali moyo, njira yowafikira inali kanthawi kakang'ono kaja ka Chinyanja.

"Padre, ndipita ku Zambia," anatero tsiku lotsatira.

"Mwana wanga, ukutaya mwayi waukulu chifukwa cha munthu amene mwina kulibe."

"Ngati kulibe, ndikhala nditaitana."

Musaganize kuti atasankha zinayamba kuyenda. Chaka choyamba analephera mayeso, Chingerezi chinam'kana. Anzake ankamuseka kuti amalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Anabwereza kalasi, nsapato zili zomwe zija anathawa nazo.

Koma Loweruka lililonse ankakhala kutsogolo kwa chimkuzamawu kuwerenga mauthenga a anthu otayana pankhondo. Pomaliza ankawonjezera wake: "Mai Domingas a ku Mongue, ndine Cacilda, ndili moyo. Ngati mukundimva, tumizani mawu ku Muloza."

Ena ankapezana chifukwa cha mawu ake. Mwamuna anapeza mkazi wake, agogo anapeza zidzukulu. Iye yekha, zii. Zaka ziwiri zinadutsa. Ananong'oneza bondo, ndipo sitibisa, masiku ena ankalira kuti anataya Portugal chifukwa choitana mphepo.

Patchuthi cha 1989 anabwera kumsasa kuja. A Venâncio, imvi zili mbuu, anam'tengera kwa mayi wina dzina lake Berta, amene anali atangowoloka kuchokera ku Mongue, mapazi ali otupa.

"Tapereka moni," anatero a Venâncio.

"Muli bwanji, amayi?"

Mayi uja anagwira pakamwa. "Ndi mawu omwewa! Ndiwe Cacilda wa pa wayilesi."

Cacilda anasendera pafupi. "Amayi anga ali kuti?"

Mai Berta anam'khazika pansi. Anafotokoza kuti mai Domingas anabwereradi ku Mongue, ndipo ankabisala nawo limodzi kutchire. Anali ndi kawayilesi kamene ankakakwirira mumphika kuopa asilikali. Loweruka lina anamva dzina lawo.

"Kuyambira tsiku limenelo mabatire sankalola wina kuwagwira. Ankawayanika okha pamwala, n'kukhala pambali kuwalondera. Ukamalankhula ankayankha, amvekere, 'Ndakumva, mwanangu, ndakumva.' Koma njira yotumizira mawu panalibe, ponseponse panali mfuti."

"Ndiye ali kuti tsopano?"

"Chifuwa chinawatenga dzinja lathali. Tinawaika pansi pa mtengo wa mango. Nkhondo ikadzatha ndidzakulozera."

Cacilda analira maliro amene anawasunga zaka zitatu. Amayi ake sanawaonenso. Chimene anatsala nacho n'chakuti sanafe akuganiza kuti mwana wawo anathera mumtsinje.

Anabwerera ku Zambia, anamaliza digiri yake, ndipo mauthenga aja sanawasiye. Mabanja ambiri a m'malire muno anapezana chifukwa cha mawu a mtsikana amene wake yemwe sanam'peze.

Mwina inunso munasankha njira imene anthu anakusekani nayo, ndipo mwakhala mukuitana popanda wovomera. Zimapweteka, ndikudziwa. Koma kusayankhidwa sikutanthauza kuti simukumveka. Musataye mtima, itananibe. Mwina kutchire kwinakwake kuli munthu amene wakhala pambali pa mwala, akuyanika mabatire kuti amve mawu anu.